Za chaka chikubwerachi, akuti bwanji ku Kanjedza?

Mukakwera minibasi yochokera ku Limbe kudzera pa Kanjedza masiku ano, aliyense wasanduka mlosi. Kondakitala akuti mafuta akangosowanso, mtengo wa ulendo ukwera ndipo sudzatsikanso. Amayi ogulitsa tomato ndi bonya akuti mabanja ambiri azingogula ufa wa walkman, wongokwanira nsima ya madzulo amodzi, chifukwa thumba la chimanga lapitirira msinkhu wawo.

Musawaseke anthu amenewa. Mantha awo ali ndi pochokera. Mu Malichi 2023 matope a namondwe Freddy anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mu Novembala chaka chomwecho Kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo shuga, mafuta ophikira ndi feteleza zinakwera usiku umodzi. Kenako ng'amba ya 2024 inaumitsa chimanga m'minda. Munthu amene waona zonsezi, mitambo ikangoda ku Soche mtima umamuthamanga.

Komabe alipo akuti mvula ikagwa bwino, chimanga chitsika mtengo pofika Meyi. Ineyo ndili nawo amenewa, koma feteleza afike kwa alimi mbewu isanayambe kuchita chikasu.