Kodi Hulk Angatiphunzitse Chiyani Ife Aseminale?

Ena mwa makolo athu akaona dzina la Hulk m'magazini ino adzati ana a masiku ano atha nawo mavidiyo. Ndikupempha kuti muyambe mwandimvera kaye, pakuti nkhani ya chimphona chobiriwira chija ikutikhudza ife tonse amene timagona m'chipinda chimodzi, kudya patebulo limodzi ndi kupemphera m'tchalitchi limodzi.

Kwa amene simukumdziwa, Hulk ndi munthu wongopeka. Adamuyambitsa Stan Lee ndi Jack Kirby a ku America m'chaka cha 1962, m'timabuku ta zithunzi ta kampani ya Marvel. Nkhani yake imati padali katswiri wa sayansi, Bruce Banner, munthu wofatsa ndi wamanyazi, amene adapanga bomba la mphamvu zotchedwa gamma. Tsiku loyesa bombalo, mnyamata wina adalowa ndi galimoto m'dera loletsedwa. Banner adathamanga kukamupulumutsa, koma mphamvu za bomba zija zidagwera iye mwini. Poyamba ankasandulika kukada, koma pambuyo pake olemba nkhaniyi adaisintha: akangopsa mtima amasanduka chimphona choswa nyumba ndi akasinja a nkhondo, ndipo chikamalusa mphamvu zake zimankira patsogolo. Ukali ukatha amadzidzimuka ali pakati pa mabwinja, zovala zili nsanza, osakumbukira bwino zimene wachita.

Anthu ambiri amati phunziro lake nlosavuta: usamakwiye. Ine sindikugwirizana nawo. Palibe amene adayesetsa kusakwiya kuposa Banner. Ankathawa anthu, kusamuka mzinda ndi mzinda, kufunafuna mankhwala oti aphere chimphona chija, koma sizidathandize. M'chaka cha 1985 olembawo adaulula kuti ukali wake sudayambe ndi bomba ayi. Bambo ake, Brian Banner, ankamuzunza ali mwana, mpaka adapha mayi ake. Mwanayo adangokhala chete, nameza zonse. Bomba lidangovundukula mphika umene udakhala ukuwira kwa zaka zambiri.

Ife aseminale kumeza timakudziwa. Timaopa kuti tikaonetsa kupsa mtima, abambo otilera adzati mnyamatayu alibe maitanidwe, ndipo pa tchuthi kalata idzafika kwa bambo mfumu yoti asabwererenso. Tsono mnzathu akapatsidwa chilango chokumba dzenje kapena kutchetcha udzu pa mlandu umene sadapalamule, amangoti, "Zikomo Bambo," mutu uli chowerama. Koma mkwiyo uja sunafe. Umatulukira madzulo pa bwalo la mpira, pamene iye akuponda dala mwendo wa mnzake. Umatulukira usiku kogona, pamene kamwana ka Fomu 1 kakudzutsidwa kuti kakachape masokosi a wamkulu, kakakana nkulandira khofi. Amene amalawa chibakera si amene adakulakwira, koma wamng'ono amene sangabwezere. Hulk nayenso amatero: nyumba zambiri zimene amagumula ndi za anthu amene sadamuchite kanthu.

Mpingo sutiphunzitsa kuti kumva mkwiyo pakokha ndi tchimo. Tomasi Woyera wa ku Aquino adalemba kuti mkwiyo wotsogozedwa ndi nzeru ngwabwino, ndi kuti kusakwiya konse pamene chilungamo chikupondedwa kungathenso kukhala kulakwa. Ambuye Yezu adagubuduza matebulo a osinthitsa ndalama m'Nyumba ya Mulungu, monga timamvera pa Yohane mutu 2, koma ankadziwa chimene chawakwiyitsa, ndipo adalunjika kwa eni mlandu. Za Mose nzosiyana. Iye adapirira madandaulo a Aisraele zaka zambiri m'chipululu, mpaka pa Meriba adamenya thanthwe kawiri ndi ndodo, chonsecho Mulungu adamuuza kuti angolankhula nalo. Thanthwe lidalakwa chiyani? Mose sadalowe m'dziko lamalonjezo, ndipo madzi akatayika saoleka.

Mu kanema wa The Avengers wa m'chaka cha 2012 muli malo amene ndimawakonda kuposa ndewu zonse za m'menemo. Nkhondo itafika povuta, Banner adaululira anzake chinsinsi chake, chakuti mkwiyo sumuchoka mumtima nthawi ina iliyonse. Adasiya kudzinamiza. Atangotero adasandulika mwa kufuna kwake, nalunjika pa mdani weniweni m'malo mophwanya anzake. Ndi nkhani yopeka, inde, koma aliyense amene adakhalapo ndi chakukhosi kwa teremu yathunthu angavomereze kuti ukachitchula dzina chimayamba kumvera.

Nchifukwa chake ndikuganiza kuti sitigwiritsa bwino ntchito mwayi wokhala ndi bambo wauzimu. Ambiri timapita kwa iwo kukanena zimene tikuganiza kuti akufuna kumva: kuti mapemphero akuyenda bwino, Chilatini chokha ndiye chikuvuta. Ndi angati amene adakhalapo pampando paja nkunena mosabisa kuti, "Bambo, ndakwiya ndi uje, ndipo chifukwa chake ndi ichi"? Fransisko Woyera wa ku Sales, Episkopi wa ku Geneva amene adamwalira mu 1622, amadziwika ngati woyera wofatsa kwambiri, koma olemba mbiri yake amati mwachibadwa adali wa mtima wapachala ndipo adalimbana nawo zaka zambiri. Akadaukana kuti alibe, akadalimbana ndi chiyani?

Kwa inu abambo athu ansembe, ndikupempha mwaulemu kuti mnyamata amene wabwera kudzadandaula mwa khalidwe musamuyese wamwano. Woopsa ndi uja amene amangomwetulira. Iyeyo akadzadzozedwa, mkwiyo wa zaka zonsezi udzagwera mphunzitsi wa katekisimu, ana otumikira pa Misa, kapena akhristu amene abwera kudzamva Mthenga Wabwino nkumangomva kukalipa kochokera paguwa.

Ndipo inu makolo, mwana wanu akabwera ku tchuthi ali phee, musafulumire kuuza aneba kuti seminale yamuphunzitsa ulemu. Mufunseni mmene teremu yayendera. Adzati yayenda bwino. Papite masiku awiri, mumutenge popita kumunda, ndipo mumufunsenso muli awiriwiri.