MAU A MKONZI: ANA ATHU APITE KUKAPHUNZIRA ZA MAFIZO, KOMA ASAKHALE MACHONA

Abale ndi alongo a nthambi ino, m'kope lino tifuna kunena za nchito imene ambiri a ife timangoidziwa ndi dzina lakuti mafizo. Iyi ndi nchito ya anthu aja a ku cipatala amene sabaya jekeseni, sang'amba munthu, koma ndi manja ao ndi nzeru zao amaphunzitsanso kuyenda munthu wakufa mbali imodzi, amaongola mwendo umene unauma m'cikhakha, nathandiza mwana wa khosi lofooka kuti akhale tsonga. Palibe mudzi m'dera lathu lino umene ulibe munthu wofuna cithandizo cotere. Koma funsani kuti wa mafizo wapafupi ali kuti, mudzauzidwa kuti ali ku Boma, ndipo nthawi zina mudzauzidwa kuti mupite ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Cifukwa cace nkhani ya kumene anthu amenewa amaphunzira, ndi kumene amanka akatha maphunziro, si ya a m'tauni okha iai. Ndi nkhani yathu.

Kalembera wa caka ca 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinali anthu oposa 17 miliyoni ndi theka, kuti 84 mwa 100 alionse tinali a m'midzi, ndi kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 alionse anali ndi ulumali wa mtundu wina. Zobweretsa ulumali tizidziwa tonse: sitiroko, malungo aakulu okwera ku mutu, kubadwa movutika, ngozi za njinga zamoto za kabaza. Namondwe Freddy wa mu March 2023 anasiya ambiri othyoka miyendo ndi misana ku cigawo ca kummwera. Ngakhale poliyo weniweni, amene tinayesa kuti anatha, anaonekanso pa mwana wina ku Lilongwe, monga kunalengezedwa mu February 2022, patapita zaka 30.

Kwa munthu wa khasu, dzanja likafa munda nao wafa. Ndiponso wodwala sadwala yekha: mai wa panyumba aleka geni, mtsikana aleka sukulu, kuti azimtembenuza ndi kumsambitsa. Cimene ambiri sitidziwa ndi cakuti m'nchito iyi nthawi ndiyo mankhwala. Munthu wa sitiroko amapindula koposa ndi mafizo m'masabata ndi miyezi yoyamba. Akangogonekedwa pamphasa osamsuntha, mfundo za ziwalo zimauma, mkono upindika osaongokanso, ndipo zilonda zituruka kumsana ndi m'ciuno. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika, akafika ku cipatala ali wakhanda, amaongoka ndi zikhakha zosintha sabata ndi sabata, pambuyo pace ndi nsapato za citsulo. Akacedwa zaka, nchito ikhala ya mpeni. Tsono kusowa kwa a mafizo m'maboma si kusowa kwa cinthu ca manyado. Ndi kumene kumasandutsa matenda a miyezi kukhala ulumali wa moyo wonse.

Nzeru imeneyi kuyambira kale ndi yoyenda, ndipo palibe mtundu umene unabadwa nayo. Ku Sweden, Per Henrik Ling anatsegula sukulu ya zolimbitsa ndi kuciza thupi ku Stockholm m'caka ca 1813. Ku Britain anamwino anai anayambitsa bungwe lao m'caka ca 1894, limene lero lichedwa Chartered Society of Physiotherapy. M'caka ca 1951 mabungwe a maiko 11 anakumana ku Copenhagen napanga bungwe la dziko lonse, limene kuyambira 2020 lichedwa World Physiotherapy, ndipo msonkhano wace waukulu unafika pa nthaka ya Africa m'caka ca 2017 ku Cape Town. Ngati Azungu eni ace anaphunzira pakuyenderana, ife tisacite manyazi kupempha moto kwa anansi.

Kwathu kuno nchito yothandiza opuwala inalimba ndi bungwe la Malawi Against Polio, limene linayamba m'caka ca 1979, ndipo ambiri timadziwa za malo ace a Kachere ku Blantyre. Koma kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna kukhala wa mafizo weniweni anayenera kuturuka m'dziko, ena ku Moshi ku Tanzania, ena ku Zambia, ena kutali koposa. Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba ku College of Medicine ku Blantyre m'caka ca 2010, pa nthawi imene a mafizo onse a m'dziko muno sanali kukwana ngakhale 100. Kuyambira 2021 sukuluyo ili m'manja mwa Kamuzu University of Health Sciences.

Wina adzafunsa kuti: popeza sukulu tili nayo, nanga kunja tikafunanso ciani? Yankho lace ndi ili. Sukulu siima ndi njerwa, iima ndi aphunzitsi, ndipo mphunzitsi wa pa yunivesite ayenera kukhala ndi maphunziro oposa a ophunzira ace. Nchito ya mafizo ili ndi nthambi zambiri: ya ana, ya mitsempha ndi ubongo, ya cifuwa ndi mapumidwe, ya mafupa, ya amai ovulala pakubereka. Dziko lathu silingathe kukhala ndi akatswiri a nthambi zonsezi popanda kutumiza ena kukaona kumene zinakhazikika kale. Mphunzitsi mmodzi wopita nabwera amapindulitsa kalasi ndi kalasi kwa zaka 20 kapena 30.

Makomo ace alipo, ndipo ndi bwino tiwadziwe ndi maina. Maiko a ku Ulaya anayamba dongosolo la Erasmus m'caka ca 1987 kuti ophunzira ao aziyenderana, ndipo kuyambira 2015 analitsegulira maiko a kunja kwa Ulaya, a mu Africa omwe. Pa dongosolo limeneli wophunzira atha kukakhala ku sukulu ina miyezi 2 kufikira 12, osalipira fizi ku sukulu yomlandirayo, ndipo zimene waphunzira kumeneko ziwerengedwa akabwera kwao; mphunzitsi atha kupita masiku 5 kufikira miyezi 2. Alipo maphunziro a Commonwealth, amene anagwirizanidwa m'caka ca 1959, ndipo wowalandira amalonjeza kubwerera kwao. Liliponso thumba la Beit Trust, lothandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene ali kale ndi digiri yoyamba. A ku Norway anayamba kutumiza acinyamata ao kunja m'caka ca 1963, koma m'caka ca 2000 anasintha macitidwe kuti ulendo uzikhala wa mbali ziwiri, wina kupita wina kubwera. Ndipo ubale wa cipatala ca Haukeland ca ku Bergen ndi Kamuzu Central Hospital unathandiza kubala cipatala ca mafupa ndi mitsempha cimene cinatsegulidwa ku Lilongwe m'caka ca 2023.

Pano ticenjeze makolo. Malo a Erasmus sagulidwa kwa munthu. Amadzera m'pangano la sukulu ndi sukulu, ndipo ndi sukulu imene isankha wopita. Maphunziro enawo ali ndi makalata ace ofunsira, amene amalengezedwa poyera. Munthu akakuimbirani lamya kapena kukulemberani pa Facebook kuti tumizani ndalama ndipo mwana wanu ampezera malo ku Ulaya, gwirani ng'ombe yanu, musaigulitse.

Tsono tifike pa bala lenileni. Ife a m'midzi tidziwa bwino za ulendo wopanda kubwerera. Makolo athu anapita ku migodi ya Johannesburg ndi ku Salisbury, ena anabwera ndi njinga ndi bulangete, ena sanaonekenso, ndipo tinawacha machona. Lero ucona wavala jekete loyera. Maiko olemera ali ndi nkhalamba zambiri, afuna anamwino, madotolo ndi a mafizo, ndipo malipiro ao ife sitingawafike. M'caka ca 2010 maiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana malamulo a kalembedwe ka anchito a zaumoyo ocokera kunja, ndipo m'caka ca 2023 bungwelo linachula maiko 55 amene sayenera kukokedwamo anchito mwadala. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali pa mndandanda umenewo. Koma pangano limeneli ndi la ufulu, siliika munthu m'ndende, ndipo sililetsa mwana wathu kufunsira yekha nchito kunja.

Komanso tisathamangire kutukwana ana opitawo. Mnyamata amene watha zaka pa yunivesite, nabwera ndi pepala lace, napeza kuti Boma lilibe malo a nchito, kapena amtumiza ku cipatala copanda cipinda ca mafizo, copanda nyumba, adzatani? Mbalame imatera pamene pali mapira. Mlandu waukulu uli kwa amene amatumiza mwana kukaphunzira osamkonzera pofikira.

Mbiri yathu yomwe itiphunzitsa. Kale madotolo athu onse anali kuphunzira kunja kuyambira poyamba kufikira pomariza, ndipo ambiri anakhazikika komweko. Cifukwa cace dziko linasintha njira: ophunzira anayamba maphunziro ku London ndi kwina, nabwera kudzamalizira pa odwala a kwao ku Blantyre, kumene College of Medicine inatsegulidwa m'caka ca 1991, ndipo oyamba anatsiriza mu 1992. Ulendo waufupi wa munthu amene mizu yace ili kale m'nthaka ya kwao ndiwo umabweza phindu. Tikumbukenso Dr. Daniel Malekebu, amene anatsiriza za udotolo ku Meharry, ku America, m'caka ca 1917, nabwera m'caka ca 1926 kudzatsegulanso Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Sanasankhe tauni. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Nanga za alendo obwera kuno? Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ambiri a iwo atithandiza ndithu. Koma tinene poyera kuti wodwala wa kumudzi si cidole cophunzirirapo. Wophunzira wocokera ku Ulaya asacite pa agogo athu cimene kwao sangaloledwe kucita yekha. Akhale pansi pa wa mafizo wa kuno wolembedwa ku Medical Council of Malawi. Aphunzireko Cicewa kapena cinenero ca deralo, pakuti nchito iyi ndi ya kulankhula: uyenera kuuza wodwala kuti pindani apa, tambasulani apa, ndi kuphunzitsa womsamala zocita kunyumba. Ndipo asayese kuti wabwera kudzapatsa kokha. Kuno adzaona mwana wotsala ndi zotsatira za malungo aakulu, zimene kwao angowerenga m'buku. Adzaona zogwirira pophunzira kuyenda zomangidwa ndi nsungwi, ndi mipando ya ana olumala yopangidwa ndi makatoni ndi phala la ufa, luso limene linakulira ku Zimbabwe. Ngati sukulu ya kunja itumiza ana ace 10 kudzatola nzeru zimenezi, koma siilandira ngakhale mmodzi wa ife, kumeneko si kusinthana, ndi kukolola m'munda wa eni.

M'mwezi wa May 2023 msonkhano waukulu wa World Health Organization, kumene dziko lathu lili ndi mpando, unagwirizana kuti cithandizo cobwezeretsa mphamvu m'ziwalo cikhale mbali ya zaumoyo m'dziko liri lonse, kufikira ku zipatala zazing'ono. Pa mau amenewo ife tiimapo, ndipo tipempha izi.

Coyamba, pangano liri lonse la kusinthana ophunzira ndi aphunzitsi likhale la mbali ziwiri, ndipo cilembedwe kuti obwera ndi angati, opita ndi angati.

Caciwiri, wopita ndi ndalama za dziko alonjeze kudzagwira nchito kuno zaka zowerengeka, mwa izo zina ku cipatala ca boma la kumudzi. Ndipo Boma nalo lilonjeze malo a nchito, nyumba ndi zipangizo asananyamuke. Pangano la mbali imodzi ndi msampha.

Cacitatu, tisayang'ane ku Ulaya kokha. Lusaka, Harare, Moshi ndi Cape Town kuli sukulu za mafizo, ulendo wace ngwocepa mtengo, matenda ace ngofanana ndi athu, ndipo ku Lusaka mwana wathu adzamvana ndi odwala m'cinenero ca mai wace.

Cacinai, alendo asathere ku zipatala zazikulu zinai zokha. Afike ku maboma, aphunzitse alangizi a zaumoyo a m'midzi kuzindikira msanga mwana wocedwa kukhala kapena kukwawa, ndipo akamapita asiye munthu wodziwa, osati makina opanda wowakonza.

Cacisanu, malo ophunzira alengezedwe pa wailesi ndi m'sukulu za sekondale za m'midzi, osati pa intaneti pokha, ndipo maina a osankhidwa aikidwe poyera. Sukulu zathu zipatsidwe labotale ndi aphunzitsi a sayansi, pakuti mwana amene sanagwirepo cipangizo ca sayansi watsekeredwa khomo asanagogode.

Izi tipempha a komiti kuti azitule kwa phungu wathu ndi kwa makhansala pa msonkhano ukudzawu, ndipo adzatiuze yankho lace. Koma mutu umodzi susenza denga, nafenso tili ndi mbali yathu. Mudzi uli wonse ulembe anthu ace ofuna mafizo, kuti polankhula ndi akuluakulu tikhale ndi ciwerengero m'manja. Tileke kubisa ana olumala kuseri kwa nyumba, tileke kunena za ufiti pamene munthu wagwa ndi sitiroko, koma timthamangitsire ku cipatala tsiku lomwelo. Tiuze ana athu a Fomu 3 ndi Fomu 4, asungwana ndi anyamata omwe, kuti kupatula unamwino ndi udotolo iliponso nchito iyi, ndi kuti ilowedwa ndi masamu, sayansi ndi Cingerezi. Ndipo mwana wa m'dera lino akapeza mwai wopita kunja, timperekeze ndi cimwemwe, timlembere makalata, timuuze za odwala a kwao amene akumdikira, kuti adziwe kuti pobwera adzapeza anthu ofuna manja ace.