Nyanja yaikulu chonchi siingadalire sitima imodzi yokalamba

Mlendo wofuna kuona Nyanja ya Malawi kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba sachedwa kuzindikira kuti mapu amanyenga. Papepala, Likoma amaoneka ngati ali pakhomo pa Nkhata Bay. Komatu nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 500, ndipo midzi yambiri ya m'mphepete mwake ilibe msewu wodalirika. Ku Ruarwe galimoto siifika. Ku Usisya imafika, koma nthawi ya dzinja woyendetsa amatsika phiri lija mtima uli m'mwamba.

Amene ali ndi thumba lolemera amakwera kandege n'kukatera ku Likoma. Ena amadzipereka kwa eni maboti a matabwa, omwe m'miyezi ya June ndi July amalimbana ndi mwera wosadziwa kuti uyu ndi mlendo, uyu ndi mwini mudzi. Otsalawo amadikira Ilala.

Sitimayi inapangidwa ku Glasgow, m'dziko la Scotland, mu 1949. Inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Dzina lake ndi la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873, kotero maiko atatu onsewa ali ndi kachigawo m'mbiri yake. Imazungulira kamodzi pasabata, itasenza matumba a chimanga, simenti, malata, usipa wouma ndi ana asukulu. Pamadoko opanda mlatho imaima patali, ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, katundu pamutu, mafunde akuwanyowetsa.

Alendo ochokera kunja amaikonda Ilala chifukwa cha ukalamba wake womwewo. Amagona pamwamba pake, kuyang'ana nyali za asodzi usiku, n'kukasimba kwawo. Palibe cholakwa pamenepo. Koma ikapita kokakonzedwa, mlendoyo amangosintha ulendo, pamene mayi wa ku Chizumulu amene anatumizidwa ku chipatala cha kumtunda amasowa kolowera.

Apa m'pamene okonza za ntchito yokopa alendo amaphonya. Amaganiza za mlendo payekha, ngati kuti ayenera kukhala ndi njira yakeyake yosakhudzana ndi eni dera. Ndege imanyamula anthu ochepa, ndipo ndalama zawo zimathera pamalo ogona amodzi. Wokwera sitima amagula nthochi ku Nkhotakota, kulipira wopalasa bwato ku Usisya, n'kugona masiku atatu ku Likoma akuona tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene anayamba kumanga mu 1903. Chimene mlendoyu akufuna n'chimene wamalonda wa usipa wakhala akulirira: sitima yachiwiri yolimba, nthawi yonyamukira yosasinthasintha, ndi mlatho woti nkhalamba itsike osanyamulidwa kumsana.

Palinso nkhani ya tsidya. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo munthu ataima pagombe la Likoma amaona mapiri a ku Cobue. Anthu a mbali zonse ziwiri amamvana chinenero, amakwatirana, amaikana maliro. Komabe wochokera ku Chipata kapena ku Tete wofuna kuyenda gombe la Niassa mpaka ku Metangula amafunsira njira kwa asodzi, poti ndandanda ya maulendo yoti n'kuidalira saipeza. Maboma a Malawi ndi Mozambique atagwirizana za sitima imodzi yoima mbali zonse ziwiri, wodinda ziphaso ali m'kati momwemo, mlendo wotereyu akanakonza ulendo wake wonse asanachoke pakhomo.