Kompyuta ikatentha, inu musatenthe nayo mtima



Sabata ino ndalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wa ku Mtengowanthenga m'boma la Dowa. Akuti atagulitsa soya ndi mtedza, iwo ndi bambo akunyumba adagulira mwana wawo wa ku koleji laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Pano ikangoyaka kanthawi, fani yake imalira ngati chigayo, pansi pake n'kutentha, kenako imazima yokha. Bambo akuti adaberedwa ndipo agule ina. Mayi akuti ndalama yotsala ndi ya feteleza. M'nyumba anthu asiya kuyankhulana bwino. Pamwamba pa izo, mnyamata wina wawauza kuti angoitsegula n'kupakamo mankhwala otsukira mano.

Mayi, ndi inu nonse amene muli ndi vuto lotere, dekhani kaye. Nthawi zambiri kompyuta yotereyi sikhala kuti yafa ayi.

M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa purosesa, kamene kamagwira ntchito yonse yowerengera. Kamatentha kwambiri, choncho pamwamba pake adamangapo chitsulo cha mkuwa chotengera kutenthako kupita ku fani. Zitsulo ziwirizi zimaoneka zosalala, koma zili ndi timaenje tosaoneka ndi maso momwe mumatsala mpweya, ndipo mpweya sudutsitsa bwino kutentha. N'chifukwa chake pakati pawo amapakapo kaphala kotuwa kamene amakaniko amati thermal paste. Pakapita zaka kaphalaka kamauma n'kung'aluka. Purosesa ikafika madigiri 95 kapena 100 imayamba kuchedwa dala, ndipo kutentha kukapitirira kompyuta imadzizimitsa kuti isapse.

Musanagule chilichonse, yambani ndi fumbi. Mukudziwa mmene fumbi limachitira ku Dowa ndi ku Ntchisi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Limatseka fani ndi timazenera totulutsira mpweya. Mwana asamaikenso laputopu pa matiresi kapena pa bulangete, aziika pa tebulo. Ngati mwapukutitsa fumbi koma kutentha kudakalipo, apo ndiye ganizani za kaphala kaja.

Za mankhwala otsukira mano zija, ayi ndithu! Muli madzi, amauma m'masiku ochepa ndipo mukhoza kuononga chinthu chimene mudachikhetsera thukuta. Girisi wa njinga ndi mafuta odzola nawonso ayi.

Nanga mugule kotani? Funsani m'masitolo a makompyuta ku Lilongwe, poti kuchokera ku Mtengowanthenga ndi ulendo wa minibasi pa msewu wa M1. Kaphalaka kamabwera m'kasirinji konga ka jakisoni. Mitundu yodziwika ndi monga Arctic MX-4 ndi Noctua NT-H1, ndipo iwiriyi sidutsitsa magetsi, choncho ngakhale pang'ono patatayikira pambali sipaopsa. Pewani mtundu wotchedwa liquid metal. Umenewo ndi chitsulo chamadzimadzi, umadutsitsa magetsi ndipo umadya aluminiyamu. Dontho limodzi pamalo olakwika, kompyuta yapita.

Musakopeke ndi manambala akuluakulu olembedwa pa paketi yopanda dzina la kampani, chifukwa aliyense akhoza kulemba. Onetsetsani kuti paketi ndi yomata, ndipo tengani lisiti. Kasirinji ka magalamu 4 n'kokwanira kupaka maulendo angapo, ndiye ngati pali aphunzitsi kapena anansi a vuto lomweli, sonkhani mugule kamodzi.

Kapakidwe kake nakonso n'kofunika. Chotsani chaja ndi batire. Phala lakale lipukutidwe lonse ndi kansalu koyera konyowetsa ndi spiriti wa isopropyl, osati madzi. Kenako ikani kadontho kofanana ndi njere ya mpunga, kapena kukulirapo pang'ono. Si phala la mwana kuti mudzaze mbale. Pobwezera chitsulo chija, mangani masikuluwu pang'onopang'ono modumphitsa kuti chikhale mofanana.

Koma ndinene poyera: ngati simunatsegulepo laputopu, musaphunzirire pa ya mwana wanu yomwe muli ntchito yake ya sukulu. Safunsa adadya phula. Pitani nayo kwa makaniko wa makompyuta, mutenge kasirinji kanu, mugwirizane mtengo asanayambe, ndipo muime pomwepo akamapaka. Mwana ayambe wasunga zolemba zake pa fulashi.

Tsono kwa inu bambo, ndikumvetsa kuti zimawawa kuona chinthu chomwe mudagula chikukuchititsani manyazi pamaso pa mwana. Koma mayi sakulakwa kuteteza ndalama ya feteleza, pakuti fizi ya chaka chamawa ichokera kumunda komweko. Kasirinji ndi ntchito ya makaniko ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi laputopu ina. Yesani njira imeneyi kaye. Ikakanika, mudzakhale pansi awiri n'kuona chochita mukakolola. Mutu umodzi susenza denga.

Mayi a ku Mtengowanthenga, mundilemberenso kuti ndidziwe mmene zathera. Tikumanenso Lamulungu likudzali.