Dimba la pasukulu si chibalo

Aphunzitsi anzanga, tiyeni tikambirane nkhani ya khasu. M'sukulu zambiri kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, mwana akachedwa kapena akasokosera m'kalasi timam'patsa ndime kudimba. Kenako timadabwa kuti bwanji ana amadana ndi ulimi. Tawaphunzitsa tokha kuti khasu ndi la olakwa.

Chonsecho Agriculture amalemba pa MSCE. Mwana amaloweza magulu asanu ndi limodzi a zakudya mpaka kukhoza bwino, koma belu la buleki likalira amathamangira zigege ndi mafirizi. Bonongwe, chisoso ndi luni akuti ndi ndiwo za amphawi. Pamene kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ana a Fomu 4 amenewa ndiwo makolo a mawa. Akachoka pasukulu akunyoza masamba, adzadyetsa chiyani ana awo?

Phala la Mary's Meals, lomwe linayamba m'dziko muno mu 2002, lathandiza kwambiri ku pulayimale. Koma phala limathetsa njala ya lero, siliphunzitsa mwana kulima.

Vutoli si lathu lokha. Ku America, anthu a mtundu wa Navajo, omwe matenda a shuga awavutitsa kwambiri, mu 2014 anakhazikitsa lamulo loika msonkho wa 2 peresenti pa zakudya zosapatsa thanzi. Sukulu zawo zina zinatsegulanso madimba kuti ana adziwe mbewu za makolo awo: chimanga, nyemba ndi maungu. Si zomwezi agogo athu ankabzala m'munda umodzi?

Maganizo anga ndi awa. Chibalo chichoke kudimba. Kalasi iliyonse ikhale ndi mabedi ake, ibzale mpiru, nkhwani, khwanya ndi mbatata yofiira mkati, ija ya vitamini A. Zokolola adye anawo, zisathere kunyumba za ife aphunzitsi. Mbewu zina azitengera kwawo.

Ndikudziwa ena ati madzi amavuta mu Okutobala, mbuzi zimalowa, ndipo pa holide palibe wothirira. Zoona. Koma madzi otayika pamjigo akhoza kuthirira mabedi angapo, mpanda wa udzu sufuna ndalama zambiri, ndipo a PTA akhoza kukonza zosinthana pa holide.

Ahedi athu, wochedwa m'patseni chilango china. Kudimba kuzipita amene akadyeko.