Alamu yomwe mwaipeza m'nyumba musathamangire kuidula mawaya

Msika wa fodya ukatsegulidwa, nyumba zimayenda malonda kuno kwa Kaomba. Mlimi akagulitsa bwino mabelo ake ku Chinkhoma, maso amakhala pa nyumba kapena shopu ya paboma la Kasungu. Mu zina mwa nyumbazi, makamaka zomwe munkakhala eni maesiteti, mumapezeka alamu yakale yomwe mwini woyamba anangoisiya pakhoma osanenapo kanthu.

Mlamu wanga anagula nyumba yotere. Magetsi akangozima usiku, belu linkalira mpaka kudzutsa agalu a anthu onse oyandikana nawo. Tsiku lachitatu anatenga pulayala n'kudula waya. Lero feteleza ndi ndalama za fodya zikugona popanda choziyang'anira, ndipo iye akufunsa mtengo wa alamu yatsopano. Ine ndikuti anafulumira. Alamu zambiri zakale sizinafe, zimangodwala matenda otchipa kuchiza.

Yambani ndi batire. Pezani bokosi lalikulu la alamu, lomwe nthawi zambiri limabisidwa mu wadiropu kapena kudenga. M'katimo muli batire ya 12V, kawirikawiri ya 7Ah, yomwe imagwira ntchito zaka zitatu mpaka zisanu. Kuno kumene kumatentha komanso magetsi amazimazima, imatha msanga kuposa pamenepo. Alamu yolira magetsi akangozima, kapena yongoti pii pii usiku wonse, kawirikawiri ikudandaula batire. Pemphani wamagetsi aiyeze ndi mita: ikamatchajidwa bwino imaonetsa pafupifupi 13.8V. Ngati yatupa, kapena mphamvu ikutsika msanga mukazimitsa magetsi, gulani ina. Funsani mtengo m'mashopu awiri kapena atatu, ndipo kanani batire yomwe yakhalitsa pashelefu.

Kenako onani kathiransifoma komwe kamatsitsa magetsi a m'nyumba kufika pafupifupi 16V, pamodzi ndi fyuzi. Mphenzi za m'dzinja zimaononga zimenezi kawirikawiri, ndipo zonse zimasinthika popanda kugula bokosi latsopano.

Ngati ikulira popanda wakuba, onani nambala yomwe ikuwala pa kachipangizo ka manambala pafupi ndi khomo. Nambala iliyonse imaimira chipinda kapena chitseko chake. Pitani komweko. Masensa a m'makona amamva kutentha kwa chinthu choyenda, choncho nalimata, kangaude woluka ukonde pamaso pake, mileme, kapena katani youluka pawindo lowombedwa dzuwa zimatha kuwanamiza. Pukutani ndi kansalu kouma. Pazitseko pamakhala tizipangizo tiwiri toyang'anana, kamodzi kokhala ndi maginito. Chitseko chikapindika ndi chinyezi timatalikirana, alamu n'kumaona ngati pali potsegula. Kudenga nako makoswe amadya mawaya.

Koma nkhani yaikulu si mawaya ayi. Ndi nambala yachinsinsi. Mwini wakale amaidziwa, ana ake amaidziwa, wantchito amene anachotsedwa mokangana amaidziwanso. Tonse tikagula nyumba timasintha maloko tsiku lomwelo, nanga bwanji nambala ya alamu timaisiya? Musanamalize kulipira, uzani wogulitsa akupatseni nambala yaikulu, kabuku ka alamuyo ndi dzina la amene anaiika. Ngati zonsezi zinasowa, werengani dzina la pabokosi, kaya ndi Paradox, DSC kapena IDS, mupeze katswiri wodziwa mtundu umenewo. Afafanize manambala onse akale inu mukuona, ndipo yatsopanoyo mulowetse nokha.

Funsaninso kuti ikalira imauza yani. Zambiri zakale zinkaimba pa lamya ya waya ya MTL, yomwe mwina inadulidwa kalekale. Zina zikuimbirabe foni ya mwini wakale amene anasamukira ku Lilongwe. Pali kachipangizo kolowetsamo simu khadi ya TNM kapena Airtel komwe kangalumikizidwe ku bokosi lakale lomwelo kuti uthenga uzibwera pa foni yanu.

Ena amati alamu ndi ya m'tauni, kuno galu ndi mlonda n'zokwanira. Galu amapatsidwa nyama yothira mankhwala, mlonda naye ndi munthu, amasinza. Komabe ndikuvomereza kuti belu lopanda wolithamangira ndi phokoso chabe. N'chifukwa chake muyenera kuikonza kuti isamaname, chifukwa anansi akadzutsidwa pachabe katatu, kachinayi adzangotembenuka n'kufunda bulangete. Mukaikonza, dziwitsani anansi ndi achitetezo cha m'mudzi, muiyese masana kamodzi pamwezi.

Nthawi yogula yatsopano ilipo: ngati bokosi linapsa kapena zipangizo zake sizikupezekanso. Koma musanatulutse ndalama zomwe munazivutikira kuyambira ku nazale mpaka kuchigafa, yambani mwatsegula bokosilo muone batire.