Maso akaona, mtima umasunga

Wailesi ya kanema ya Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Lero, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, madenga ambiri ali ndi dishi ndi sola, ndipo m'misika muli tinyumba toonetsera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa. Abale ndi alongo anga, funso lakuti kanema alowe m'nyumba kapena ayi linapitirira kale. Chimene chatsala n'kudziwa zimene mlendoyu amachita mumtima wa woonera.

Asodzi athu amadziwa kuti usipa umatsata kuwala kwa nyali usiku mpaka kulowa mu chilimira. Okonza masewero a pa kanema nawo amadziwa chimene chimakoka munthu. Amadula nkhani pamene yafika pokoma kuti mtima ukhale m'mwamba mpaka mawa. Amaika nyimbo yoopsa chinthu choopsacho chisanaoneke. Nzeru zimadziwa kuti ndi sewero chabe, koma thupi limachita ngati zoona: mtima umagunda, misozi imatsika, tulo timathawa. N'chifukwa chake munthu amatha kugona ali wokwiya chifukwa cha mkangano wa banja limene kulibe.

Akatswiri a kaganizidwe ka munthu anafufuza zimenezi kalekale. Mu 1963, Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford anaonetsa ana filimu ya munthu wamkulu akumenya chidole. Anawo atapatsidwa chidolecho, anachimenya motengera zimene anaona. M'zaka za m'ma 1970, George Gerbner anapeza kuti anthu oonera kanema nthawi yaitali amaganiza kuti dziko n'loopsa kuposa mmene lilili, ndipo amakayikira anzawo msanga.

Pali bala lina losaoneka, lomwe ndi kudziyerekeza. Mayi amene tsiku lililonse amaona nyumba zosanja ndi zovala zonyezimira amayamba kuona mphasa yake ngati chitonzo. Bambo amayerekeza mkazi wake, amene watopa ndi kuyanika nsomba pathandala, ndi mkazi wa m'filimu amene wakongoletsedwa ndi akatswiri. Kuyamika kukachoka m'nyumba, madandaulo amatenga malo.

Ena adzati kanema amaphunzitsa. N'zoona. Timamva nkhani za dziko, timachenjezedwa za kolera ndi mphepo ya mwera, timaona Mahaji ali ku Makka. Munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse ayeneranso kupuma ndi kuseka. Choncho sindikunena kuti tigulitse makanema. Ndikunena kuti chinthu champhamvu chotere chisasiyidwe chopanda wochiyang'anira. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Isra ndime 36, imatikumbutsa kuti tidzafunsidwa za makutu, maso ndi mtima. Zitatuzi n'zomwe kanema amagwira nthawi imodzi.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kwa okulirapo, makolo ikani malire omveka. Adhana ya Maghrib ikamveka, kanema azime. Nthawi ya chakudya ikhale yocheza. Mwana amene akuyembekezeka kudzuka pa Fajr, kupita kusukulu m'mawa ndi ku madrasa masana asagone pakati pa usiku akuonera nkhondo. Dziwani zimene zikuonetsedwa m'kanyumba kamene mwana wanu amaperekako ndalama. Mukamaonera limodzi, mufunseni: "Kodi zimene wachita uyu n'zabwino? Ukanakhala iwe ukanatani?"

M'mera mpoyamba. Koma lamulo limene bambo ndi mayi akuliphwanya mwana sangalisunge, choncho kuzimitsa kuyambe ndi ife akuluakulu. Allah atipatse maso osankha ndi mitima yodekha.